Sopo wa Mafuta a Mlamba

Lolemba

Basi, kuyambira lero ndine mwini fakitale. Aliyense adziwe. Nkhuku ndaziuza kale.

Nkhani yake ndi iyi. Dzulo titangoweruka ku tchalitchi, achimwene atulukira pa njinga kuchokera ku Songani, thalauza atalipana ndi zopanira, nkhope ngati ya munthu wodzayeza munda. Madzi akumwa akana. Akuti: "Chemwali, sukulu ya pakhondeyi yakwana. Dolika wakula. Sukulu zikutsegulidwa Lolemba linalo, osati mawali. Ndikabwera Lamulungu ndidzapeze yunifolomu ndi fizi, mwana ayambe sukulu ya konkuno. Apo ayi ndinyamuka naye, azikaphunzira kwathu."

Ndipo akatero atero. Ndi atsibweni ake, mbumba ndi yawo. Abambo a Dolika pa nkhani ngati imeneyi amangokanda m'mutu, komanso ali kunyanja, m'zimbowera zawo zija, tinyumba toyandama pa udzu. Kaya abwera liti.

Dolika wanga ku Songani? Nanga ine ndiziseka ndi ndani? Mlongo wake Maliko nthabwala samva. Ukamayankhula amangokuyang'ana kukamwa ngati muli chakudya.

Chonsecho sukulu yanga ndi yabwinobwino:
- ahedi: ine
- aphunzitsi: ine
- woliza belu: ine, khasu lakutha ndi mwala
- ana: Dolika, zaka zisanu ndi zitatu, ndi Maliko, zisanu
- bakha wamwamuna, amabwera akafuna

Timayamba ndi pemphero, kenako a e i o u pamchenga, masamu a nthanga za maungu, vesi loloweza. Ine ndinalekezera Sitandade 4, sindikana. Koma ndinasiya ndidakali wanzeru. Amene anatopa ndi aphunzitsi.

Ndiye sopo. Ndipanga sopo, ndigulitsa sopo, yunifolomu isokedwa, achimwene abwerera okha pa njinga yawo akuimba mluzu wa manyazi.

Kupanga kwake ndimadziwa. Mwezi watha kunabwera alangizi a zapakhomo, mayi wa magalasi, kudzaphunzitsa azimayi m'tchalitchi. Ndinalipo. Chabwino, ndinalipo theka. Anandithamangitsa pakatikati chifukwa ndinkatsanzira kayendedwe kawo kumbuyo kwawo, mpaka mayi wina anagwa pa benchi ndi phwete. Koma zofunika ndinamva: soda, madzi, mafuta, kutakasa. Zotsalazo ziyenera kuti zinali zotsanzikana chabe.

Katundu:
- soda wa sopo, woluma uja: alipo. Ndinagulitsa bakha wamkazi, dalaivala wa lole ya nsomba n'kundigulira ku Zomba. N'chifukwa chake wamwamunayu amandiyang'ana cham'mbali m'kalasi.
- mthiko: ulipo
- madzi: nyanja yonseyo
- mafuta: apa ndiye pali mlandu

Alangizi ankati mafuta a mtedza kapena a ng'ombe. Mafuta a mtedza! Omwe ine ndimawaona pa Khirisimasi pokha, ndiwathire mu sopo? Pamene ku doko la Kachulu azimayi owamba milamba amangotaya mafuta a m'mimba mwa mlamba, agalu n'kumanenepa ngati makalaliki. Aulere! Mafuta ndi mafuta. Mulungu sanalembepo dzina.

Madzulo. Ndabwerako ndi ndowa yodzaza. Ntchentche zandiperekeza mpaka pakhomo. Zaulemu kwambiri.

Lachiwiri

Sukulu lero ndi ya sayansi. Ana akhale patali, aone, aphunzire.

Choyamba kusungunula mafuta. Fungo lake, abale! Lakwera mumtengo wa mango, latsika, lalowa m'nyumba, lagona pamphasa. Anthu odutsa pamsewu akuyenda pang'onopang'ono. Agogo ena afuula ali kuseri kwa mpanda: "Kodi kumeneko kuli ukwati osatiitana?"

Ndasefa ndi duku yakale. Mafuta atuluka achikasu, okongola. Mtima uli m'malo.

Kenako soda. Ndathira m'madzi mu sefuliya yanga yaikulu, ya paukwati ija, yonyezimira, yomwe sindibwereketsa ngakhale pamaliro. Taonani zodabwitsa, madzi atentha okha popanda moto! Maliko wathawira kuseri kwa nkhokwe akufuula kuti ufiti. Ndamuuza kuti m'nyumba ya Akhristu mulibe ufiti, imeneyi ndi sayansi. Sanabwerebe.

Ndiye sefuliya yayamba kulira. Tsiiii. Thovu lakuda. Kautsi kolasa m'mphuno. Ndikuti mwina ndi mmene zimakhalira. Ndikutakasa, ndikumwetulira kuti ana asaope aphunzitsi awo. Ndikuona pansi panyowa. Ndikuonanso udzu wa pamenepo wafota ndikuuyang'ana.

Sefuliya yabooka. Osati bowo limodzi. Ukaiyang'anitsa kudzuwa ukuona nyenyezi zonse za kumwamba.

Soda amadya sefuliya! Ndani akanadziwa?

Dolika, manja kumbuyo ngati inisipekitala: "Amayi, alangizi aja sananeneko za sefuliya?"

Mwana ameneyu ali ndi pakamwa. Kaya anatengera ndani.

Zotayika mpaka pano:
- sefuliya ya paukwati, tsopano ndi sefa
- theka la soda, lamwedwa ndi dothi
- nkhuku imodzi yajompha pamenepo, ikuyenda ikuganiza kwambiri

Koma Mkhristu sabwerera m'mbuyo. Ndatenga mphika wadothi wophikira nyemba. Umenewu sulira, sudandaula, uli ngati abambo a Dolika. Soda wotsala, madzi, mafuta pang'onopang'ono. Kutakasa. Kutakasabe. Taimba nyimbo zonse za m'buku zomwe ndimazidziwa pamtima, tabwerezanso, tayamba za pa chinamwali motsitsa mawu. Mkono wafa. Dolika walandira mthiko, ine n'kumamuuza kuti akulakwitsa, monga amachitira aphunzitsi enieni.

Dzuwa likupendeka, zayamba kulimba ngati phala la mwana. Aleluya!

Ndathira m'zikombole za njerwa, nditayala masamba a nthochi. Ndaika pa thandala, ndavundikira ndi lichero, ndapempherera. Maliko wafunsa ngati tidya mawa.

Lachitatu

WAUMA! Sopo wauma!

Ndavina ndekha pabwalo tambala asanatsike mumtengo. Ndagogoda ndi chala, akuti go go go ngati wa m'sitolo. Mtundu wake ndiye wovuta kufotokoza. Ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Palibe kanthu, sopo sakwatiwa.

Ndadula ndi ulusi wa ukonde, tizidutswa tofanana, kupatula tomwe wadula Maliko. Pa kalikonse ndajambula mtanda ndi msomali, anthu adziwe kuti ndi katundu wa munthu wopemphera. Dzina ndaganiza kale: Sambani Muyere. Dolika akuti likumveka ngati ndikutukwana makasitomala.

Kavuto kamodzi, kakang'ono. Akununkha.

Ndimayesa soda adya fungo monga anadyera sefuliya. Ayi. Soda ameneyu amasankha zakudya. Ndafinyira mandimu pamwamba. Tsopano akununkha ngati mlamba wothira mandimu. Njala yandigwira.

Alendo omwe afika lero kudzaona fakitale:
- mphaka wathu
- mphaka wa aneba
- amphaka awiri achilendo, wina wa diso limodzi, ndikukhulupirira wawoloka kuchokera ku chilumba cha Chisi
- galu wa akatekisiti, wakhala pansi mwaulemu ngati akudikira mgonero
- nyerere, mzere wake kuchokera kudambo
- anthu ogula: palibe, koma mbiri sinafale

Maliko ndamupatsa udindo wa ulonda, ndi ndodo. Wagona. Mphaka wa diso limodzi wanyambita kamodzi, wayetsemula, wapita osatsanzika. Sopo ndamukweza kudenga.

Sukulu masana. Dolika wabwera ndi pepala lomwe watola kwa mwana wa aneba, wa Sitandade 5. Pali samu yogawa, ya kanyumba ija, nambala ina m'kati ina panja. Akuti ndimuonetse. Ndayang'ana. Nayo yandiyang'ana. Ife tinasiyana kalekale samu imeneyi, ndipo sitinasiyane bwino.

Ndamuuza kuti imeneyo ndi ya temu ya mawa.

Wapita pamchenga yekha, walemba, wafufuta ndi phazi, walembanso, lilime panja. Kenako: "Amayi, ndakhoza?" Ndachonga ndi chala chachikulu, chonga wamkulu mpaka kukafika pa mtondo. Kaya wakhoza, kaya walakwa. Akudziwa ndi Mulungu ndi mwana wa aneba.

Manja akundiyabwa chiyambire kudula kuja. Aliyense amadziwa tanthauzo la kuyabwa kwa m'manja. Ndalama zikubwera!

Lachinayi

Tsiku la msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Msika wanga woyamba. Lamulungu likubwerali kuli mgonero, mayi aliyense afuna bulauzi yake yoyera iwale mpaka abusa atsinzine. Nanga achapira chiyani? Sambani Muyere!

Ndisananyamuke ndamuyeza Dolika ndi chingwe, phewa mpaka bondo, ndamanga mfundo. Chingwe chili m'thumba, chikudikira telala.

Ndavala bwino, dengu pamutu. Mphaka wa aneba wanditsatira mpaka pakhomo pa tchalitchi. Ndamuuza kuti ndi msonkhano wa amayi okhaokha. Walowabe.

Mapemphero atha. Mayi Chapola, apampando athu, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, andipatsa mpata: "Make Dolika ali ndi mawu. Koma lero asatsanzire munthu."

Ndavundukula dengu. Azimayi a kutsogolo abwerera m'mbuyo pang'ono. Wina akuti, "Mwabweretsa ndiwo?" Ndaseka nawo, wamalonda sakwiya.

Chionetsero. Beseni, madzi a pachitsime cha tchalitchi, kansanza. Tsono madzi athu a kuno ndi amchere, aliyense akudziwa, ngakhale sopo wa m'sitolo amachita thovu monyinyirika. Koma amayesako. Wangayu ayi. Ndapaka. Ndafikisa. Ndamenya pamwala. Madzi angoyera ngati otsukira mpunga, thovu olo limodzi.

Azimayi onse maso pa beseni.

Apa Sitandade 4 yandithandiza. Ndaimirira, ndati: Amayi, thovu ndi chiyani? Thovu ndi zachabe za dziko lapansi. Limatupa, limanyezimira, ukaligwira palibe. Sopo wonyada ndiye amachita thovu kuti anthu amuone. Wangayu ndi wodzichepetsa, amagwira ntchito mobisika, dzanja lamanzere osadziwa zomwe likuchita lamanja.

Wina kumbuyo wati ameni! Ameni weniweni, wochokera pansi pa mtima. Ndikanakhala mwamuna bwenzi ndili mlaliki.

Atenga. Pafupifupi onse! Mayi Chapola atenga tiwiri, akuti bulauzi yawo ndi yaikulu. Koma ndalama ayi. "Tikayese kaye, mwanawe, tikaona kuyera tidzakupeza." Chabwino. Mawa adzabwera okha akuthamanga.

Pobwerera ndadutsa pa telala, ndangomuonetsa chingwe chapatali kuti akonzeke. Wagwedeza mutu. Nsalu ya buluu ija ili pa shelefu, ndaiona, nayo yandiona.

Manja akuyabwabe. Khungu la chala chimodzi layamba kusupuka. Ziyenera kuti ndi ndalama zambiri.

Lachisanu

M'mamawa, phokoso pakhomo. Ndasuzumira: azimayi ali pamzere! Ndauza Dolika abweretse mbale yolandirira ndalama, yaikulu ija.

Mbale yabwerera yopanda kanthu.

Madandaulo, monga ndawalandirira:
- manja ofiira ngati agwira tsabola
- manja osupuka
- mayi wina anasambira kumaso, akuti usiku wonse amaona ngati wapsa ndi phala
- bulauzi zatuluka ndi mawanga achikasu
- bulauzi zikununkha Kachulu yense
- pa chingwe choyanikira ntchentche zachita msonkhano waukulu
- galu wa akatekisiti wakoka bulauzi imodzi pachingwe, wathawa nayo kudambo, mpaka pano sinapezeke
- mwamuna wina wanunkhiza mkazi wake n'kufunsa kuti nsomba wabisa kuti

Pomaliza mayi Chapola, zala atazikulunga ndi nsanza ngati zitumbuwa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Afunsa mofatsa: "Make Dolika, sopoyu unapanga liti?"

Ndati Lachiwiri, monyadira. Watsopano, wa moto!

Azimayi onse: "Iiiii!"

Kani sopo amagona! Mwezi wathunthu, pamthunzi, kuti ukali wa soda uthe. Alangizi ananena katatu, mpaka anawauza abwereze onse pamodzi ngati ana a sukulu. Ananenanso za sefuliya. Ananenanso kuti mafuta onunkha ayi. Zonsezi ananena ine ndili panja, ndikutsanzira mbuzi kuti a pawindo aseke.

"Ife timayesa unapanga mwezi watha," atero mayi Chapola. "Kodi iwe unalibe makutu tsiku lija?" Ndati makutu ndinali nawo, mayi, koma anali panja limodzi ndi mwini wake. Wina waseka, kenako wakumbukira manja ake, wasiya.

Ndapepesa mogwada. Ndawapaka mafuta a nsatsi mmodzimmodzi. Sopo yense wabwezedwa, wina atalumidwa ndi khoswe.

Mwezi wathunthu. Ine ndili ndi mawa lokha.

Sukulu lero yatsekedwa, ahedi akudwala. Dolika waliza belu yekha, wamukhazika Maliko pansi, akumuphunzitsa kulemba M. Ndikumva ndili m'nyumba. Sakalipa, samuseka, amangoti "yambiranso." Maliko walemba M! Ine ndalimbana naye chiyambire Pasaka.

Chakumadzulo abambo a Dolika atulukira kuchokera kunyanja, akuda bii, ndevu ngati chisa. Asanapereke moni: "Mwaphika chiyani chokoma chonchi?" Ndawalozera dengu. Ndafotokoza zonse, za achimwene, za sefuliya, za galu. Aseka mpaka akhala pansi. Kenako atola kachidutswa, anunkhiza. Anunkhizanso. Kuseka kwatha. Atsina ndi chikhadabo, aona kuti sikakunyenyeka. Aika tinayi m'thumba.

Ndati mukasamba musupuka. Akuti, "Ndani wanena zosamba?" Atenga mbedza zawo, abwerera kunyanja osadya n'komwe.

Mwamuna ameneyu dzuwa la panyanja lamulowa m'mutu.

Loweruka

Mwayi womaliza: Kachulu. Kumeneko kumabwera anthu a kutali, osandidziwa, osamva mbiri. Ndiwauza chilungamo, kuti agule lero achapire mwezi wa mawa. Ndine Mkhristu. Koma ndinena motsitsa mawu.

Dolika wanyamula kadengu kakang'ono. Polowa pamsika anyamata ofunsa makhadi a chipani atiimitsa. Langa ndili nalo, ndimalisunga m'Baibulo pa Masalimo. Mmodzi wavundukula dengu kuti aone katundu, wavundikira msanga, akuti, "Dutsani mayi, dutsani, khadi tiona tsiku lina."

Ndayala pafupi ndi azimayi a tomato. Asuntha. Ndasuntha nawo. Asunthanso.

Sopo! Sopo wodzichepetsa! Gulani lero, yerani mwezi wa mawa!

Anthu ofika pafupi:
- mayi wina wa ku Zomba, wanunkhiza, wafunsa ngati ndi mankhwala a makoswe
- mwana, wafuna kuluma
- mphaka wa diso limodzi uja. Ndinanena ine kuti ndi wa kunyanja kuno.

Dzuwa lafika pamutu. Mbale ili mbee. Chingwe cha muyeso chikundilemera m'thumba ngati mwala.

Ndiye phokoso kudoko. Anthu akuthamangira bwato lina. Ndikuyang'ana: abambo a Dolika! Bwato lodzaza milamba, ikuluikulu, ya ndevu ngati madikoni. Mbedza iliyonse yomwe anatchera usiku yagwira. Akuloza kuno. Akuloza INE.

Asodzi onse, matope m'miyendo, andizungulira. "Alamu, nyambo ija ili kuti?" "Alamu, ine tisanu!" "Ndinayamba ndine!"

Nyambo?

Kani anadula sopo wanga tizidutswa n'kukoleka pa mbedza. Akuti m'madzi sasungunuka msanga, tinsomba tating'ono sitimujompha, koma mlamba ukamva fungo la m'bale wake umabwera kuchokera kutsidya.

Ndaimirira. Ndati abambo inu, ulemu pang'ono. Uyu ndi sopo. Ali ndi dzina. Ali ndi mtanda. Mdala wina wa chipewa chong'ambika akuti: "Mtandawo ndiye ukukoka, alamu. Petulo naye anali msodzi."

Ndaganiza za ulemu wanga. Ndaganiza za nsalu ya buluu. Ndati bwerani pamzere.

Dengu latha ngati moto wa udzu! Ngakhale kolumidwa ndi khoswe kapita. Koma ndalama? Lole ya ogula nsomba sinabwere, akuti yathyoka chitsulo kumtunda uko. Doko lonse palibe wa tambala m'thumba. Aliyense akulipira chomwe ali nacho.

Milamba.

Ndinapita ndi dengu la sopo wa mlamba, ndabwerako ndi madengu awiri a mlamba weniweni, kuphatikiza ya abambo a Dolika. Ndayesa kugulitsa, aliyense akundionetsa yake. Kugulitsa mlamba pa Kachulu lole isanabwere kuli ngati kugulitsa madzi kwa achule.

Ndathamangira kwa telala, dengu pamutu. Ndatulutsa chingwe. Ndatulutsa mlamba waukulu kuposa yonse. Wauyang'ana mwachikondi, koma akuti mwini nsalu ku Zomba salandira nsomba, ahedi a sukulu nawo risiti ya mlamba alibe. Komanso dzuwa lapita, ndipo mawa iye sasoka, ndi tsiku la Ambuye. Mlamba walandira ngati mphatso. Munthu wopanda manyazi.

Panjira Dolika wafunsa: "Amayi, ku Songani kuli bolodi lenileni? La choko?"

Ndati liliko. Lakuda, lonyansa, limadetsa manja.

"Ndi mabuku oti aliyense lakelake?"

Sanandiyang'ane pofunsa. Amaopa kuti ndiona mmene maso ake akuwalira. Ndaona.

Tawamba milamba mpaka nkhuni zatha. Abambo a Dolika apeza tindalama m'chipewa, agula kachidutswa ka sopo wa m'sitolo. Ndachapa diresi la Dolika. Thovu lake, abale. Lonyada, lachabechabe, lokongola.

Lamulungu

Ku tchalitchi mbali ya amayi ikununkha doko. Mabulauzi achapidwanso kawiri koma mlamba sutuluka mumpingo wamba. Ntchentche zikuzungulira pamwamba pa maduku ngati nazo zabwera ku mgonero. Abusa alalikira mwachidule kwambiri, mawindo onse otsekula. Mkazi wa akatekisiti wavala bulauzi yobwereka, mabatani akupempha chifundo.

Potuluka mayi Chapola andikoka pambali. Ndati basi, andidula mumpingo. Akuti, motsitsa: "Bambo a kwathu akufunsa ngati katsalako kena." Nawonso ali ndi mbedza!

Achimwene afika dzuwa lili pamutu, zopanira pa thalauza. Ndinakonza mawu ambiri usiku, okhala ndi mavesi. Ayang'ana pa chingwe, palibe yunifolomu. Ayang'ana sefuliya, nkhuku zikudyeramo. Ayang'ana thandala lodzaza milamba. Ayang'ana manja anga.

"Chemwali, ndamva mbiri yako ndili pa Songani. Akuti kuno kuli mayi wosambitsa nsomba."

Mavesi onse athawa. Ndangoti mwana wanu uyo, achimwene, koma akamadya muzimuyang'ana, amachita manyazi kuwonjezera. Ndipo usiku amafunda mpaka kumutu, musamuvundukule. Akuti akazi awo, alamu anga, akonza kale pogona, ndipo pa holide adzamubweretsa okha. Mawu awo lero ndi ofewa. Mwina ndi fungo lawafooketsa.

Ndamanga milamba yowamba mtolo waukulu, ndati fizi yake ndi imeneyi, mukasinthe nokha kumeneko. Sanakane. Amangirira kutsogolo, Dolika pa keliyala, kathumba ka zovala pamiyendo.

Malangizo a Dolika kwa ahedi, ali kale pa njinga:
- Maliko akalakwa osamuseka
- N amatembenuza, muzimugwira dzanja
- osapanganso sayansi

Ndati iwe, ndinakubala ndine. Waseka, kenako walira pang'ono, kenako njinga yagwedezeka, wagwira malaya a atsibweni ake ndi manja onse awiri. Ndathamanga nawo mpaka pa mlatho wa mitengo ndikutsanzira mmene achimwene amapalasira, matako uku ndi uku, kuti apite akuseka. Wapita akuseka. Agalu atatu awaperekeza chifukwa cha mtolo.

Pobwerera sindinatsanzire aliyense.

Pakhomo ndapeza asodzi awiri akhala pa khonde la sukulu yanga, zipewa m'manja, akufunsa kuti fakitale itsegulidwa liti. Ndati lero ndi Lamulungu, komanso soda watha, komanso bakha wotsala ndi mwana wa sukulu, sagulitsidwa. Akuti soda agula okha lole ikachira. Chabwino. Ndinkafuna kuyeretsa mpingo, ndathera kudyetsa milamba. Aliyense ndi mphatso yake.

Mawa belu lilira nthawi yake. Maliko ndamuuza kuti tsopano ndi nambala wani m'kalasi monse. Waganiza nthawi yaitali, wafunsa ngati nambala wani amadya kawiri.

Ndati eya, lero lokha. Mpunga ndaphika wa anthu anayi, dzanja linaiwala.